Mchere wa Yolanda

Lolemba, 6 Novembro

Bedi 9, pafupi ndi zenera losatseguka. Cholembera ndabwereka kwa Odete wa pa bedi 10. Kope ndi la mwana wanga Yolanda, la ku eskolinya, sukulu ya mkaka ija. Bambo ake, Basílio, analilongedza pamodzi ndi matewera poganiza kuti ndi khadi langa la sikelo. Mwamuna wa zaka makumi anayi wosatha kusiyanitsa khadi ndi kope lojambulamo mbuzi za miyendo isanu. Ndiyambira tsamba lachinayi.

Ndinabereka Nilton pa 27 Outubro, bwinobwino, n'kutuluka ndikuyenda ndekha. Loweruka lapitali mutu unayamba kuwawa ngati wina akukhomamo misomali, mapazi ndi nkhope zinatupa, maso n'kumaona tinyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Anandibweretsa kuchipatala kuno pa tchopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja. Tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, inali 178/114. Soro, dripi ija, pamkono, jakisoni wa sulfato de magnésio matako onse awiri, wowotcha kuposa tsabola. Dzulo sindikanatha ngakhale kugwira cholembera.

Lero m'mawa 164/104. Mapiritsi: nifedipina kawiri pa tsiku, metildopa katatu. Dotora Maria José akuti ndidzatuluka tensau ikakhala pansi pa 140/90 masiku awiri otsatizana. Mchere ayi, ngakhale pang'ono.

Nilton ali nane pabedi pano, akuyamwa ngati pali wina akufuna kumulanda. Amene akundidya mtima ndi Yolanda. Ana saloledwa kulowa muno, ndipo ine ndinachoka pakhomo titayambana.

Lachiwiri, 7 Novembro

158/100 m'mawa, 160/102 madzulo. Achotsa soro. Amatidzutsa 5 oras kuti akolope, ngati pansi pathawa akachedwa. Kenako kuyeza, mapiritsi, phala lamadzimadzi. Ventoinya, fani ija, ndi imodzi yokupizira anthu khumi ndi awiri, nayonso anaitembenuzira ku tebulo la anamwino.

Ndilembe za Loweruka, mwina zichoka pamtima.

Apongozi anga, Dona Balbina, anabwera kuchokera ku Domwe kudzandithandiza chikuta. Kwathu ku Angónia mkazi amene wangobereka kumene sathira mchere m'ndiwo. Akathira, akuti odyawo amatupa ndi kutsokomola, choncho amaitana kamwana kuti kathire. Ine ndinakulira momwemo, sindilimbana nazo, ngakhale kuti zaka khumi ndi ziwiri ndikugulitsa mbatata mumzinda muno sindinaonepo munthu atatupa ndi nyemba za mnzake. Ndiye chibadwire Nilton, Yolanda wa zaka zisanu anasanduka bwana wa mchere. Ndiwo zikamapsa agogo ake ankakuwa kuti, “Yolanda, mchere!” iye n'kubwera chothamanga, kutapa ndi kasupuni kake kofiira, kuthira nkhope ili gwa ngati padre pa misa. Ndi chinthu chokhacho chimene chinamukomera pa kubwera kwa mlongo wake. Zina zonse zinamuipira. Miyendo yanga inalandidwa, bedi linalandidwa, alendo ankangomudutsa ngati mpanda kukaona khanda.

Loweruka masana anafuna kuti ndimunyamule. Ndinali ndi Nilton pabere, mutu ukundiphwanya. Ndinamukankha ndi chigongono, ndikuvomera, n'kunena kuti, “Choka apa, wakula iwe.” Atamuitana za mchere anakakhala kuseri kwa mgolo wa madzi n'kuyankha kuti, “Athire Nilton wanuyo.” Apongozi anamunyengerera, anakana. Ine ndinapsa mtima, ndinadzuka, kutapa mchere, kuthira ndekha apongozi akuona. Anagwira pakamwa. Pasanathe maola atatu ndinali pa tchopela, Yolanda ataima pachipata chala chili m'kamwa. Sindinamutsanzike.

Lero Basílio wabweretsa marimita, mbale yachivindikiro ija, ya mpunga ndi nyemba pa vizita, nthawi yoona odwala, ya 12 oras. Mchere wake wochita kuluma lilime. Ndadya theka, chifukwa phala la muno silikhalitsa m'mimba mwa munthu woyamwitsa. Ndamuuza kawiri, m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi: popanda mchere, sem sal. Wati, “Ndamva, mayi a Yolanda.” Ndamva wa Basílio ndimamudziwa, amathera pachipata.

Lachitatu, 8 Novembro

162/104.

Manyazi amene ndaona lero! Marimita yabwera ndi nkhwani wotendera. Nditangotsegula, Enfermeira Otília, namwino wamkulu wa muno, amene amadutsa ndi makina ake oyezera, anaima, anatenga supuni yanga, analawa, n'kulavulira m'beseni. Kenako mawu pamwamba, chipinda chonse chikumva: “Mãe, mukufuna kufera muno? Ife tikuthira mankhwala, inu mukuthira mchere. Mukakomoka mudzati anamwino ndi oipa!” Ndinafuna kumuuza kuti wophika sindine, koma anali atafika kale pa bedi 12, akufotokozera ena za anthu a ku Angónia osamva. Ine amene ndimameza mapiritsi awo pa ola lake ngati mwana wa sukulu!

Basílio akulumbira kuti amayi ake amaphika zanga m'kapoto kapadera, popanda mchere. Nanga mcherewo ukugwa kuchokera kudenga? Ndikudziwa chimene chikuchitika. Mayi aja sanandikhululukire za Loweruka, ndiye akundilanga: unkafuna mchere, nawu. Sanandikondepo chiyambire. Ankafuna mwana wawo akwatire wa kumudzi, wogwada mpaka mawondo kuda, osati mkazi wa pamsika woyankha akafunsidwa.

Ndafunsa za Yolanda. Akuti sakusewera, ku eskolinya akukana, wayambanso kukodza pogona, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka zitatu. Madzulo ndinaimba pa foni ya bambo ake, anakana kuigwira. Ndinkamumva akuthawa, tinsapato tikulira pasimenti. Mwana wanga wandida, ndipo chifukwa ali nacho.

Lachinayi, 9 Novembro

168/106. Mutu wabwerera. Awonjezera nifedipina, atenga magazi ndi mkodzo.

Marimita sindinaikhudze. Odete watsuka nyembazo kawiri ndi madzi a m'botolo n'kudya zonse, akuti kwawo ku Nhartanda chakudya sichibwerera. Wake mwana ali m'kagalasi ku chipinda cha makanda, anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri. Amapita kukamufinyira mkaka maola atatu aliwonse, n'kubwerako akuseka. Ine mphamvu zoseka ndilibe.

Lachisanu, 10 Novembro

154/98 m'mawa. Magazi ndi mkodzo zili bwino, impso sizinakhudzidwe. Ndinafunsa Dotora ngati mchere ndi umene unandigwetsa. Anati ayi, matendawa amangobwera okha kwa azimayi ena akabereka. Mchere sunawayambitse, kungoti suthandiza kuti tensau itsike. Ndikulemba bwino zimenezi chifukwa masana omwewo ndinazifuna.

Pa vizita Basílio sanabwere, wapita ndi kamiyau, lole ya kuntchito kwake, ku Moatize. Anabwera apongozi okha, atavala kapulana, chitenje chawo cha ku tchalitchi, marimita yomanga m'kansalu ili m'manja. Ine ndinali nditanola mawu kuyambira Lachitatu. Ndinawalonjera mwaulemu, ndinawapatsa mdzukulu wawo, kenako ndinati, “Amayi, ngati ndinakulakwirani Loweruka, ndiuzeni pakamwa. Musandiuzire m'ndiwo.”

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chinyungwe. “Mukuti chiyani, mayi a Yolanda? Ine ndalawa ndekha ndisanapakule. Zosakolera, madzi enieni.”

“Tsegulani.”

Anamasula kansalu, anatsegula. Mpunga ndi nsomba ya pende. Pamwamba pake panali mulu wa mchere woyera, wa miyala uja timagula pamsika, wosasungunuka n'komwe. Pambali pa muluwo panali timaenje tinayi ta tizala, pamene wina anakanikiza kuti ulowe pansi.

Odete anasuzumira n'kubwerera pabedi pake.

“Amatseka marimita ndani?” ndinafunsa.

“Yolanda,” anatero apongozi, mawu atatsika. “Amalirira kuti atseke yekha, amange yekha kansalu. Ine ndimati bola akuchitako kanthu, poti masiku ano sayankhula.”

“Nanga mwana angachitirenji zimenezi?”

Anayamba kukonza thewera la Nilton limene linali lokonzeka kale. Kenako zinatuluka. Loweruka lija, tchopela itangonyamuka, iwo anatembenukira mwana pachipata paja n'kumuuza kuti, “Waona? Ukanathira mchere iwe, amako sakanatupa. Akafa ndiwe.”

Akafa ndiwe. Kwa mwana wa zaka zisanu.

Zonse zimene ndinayankha sindikuzikumbuka. Ndikungodziwa kuti ulemu wonse umene amayi anga anandiphunzitsa ndinauika pansi pa bedi. Ndinawauza kuti ngakhale pa mwambo wawo womwewo, oyenera kutupa anali iwo ndi Basílio amene anadya ndiwozo, osati ine amene sindinalawe n'komwe. Ndinawauza kuti masiku asanu ndi limodzi mwana wanga wasenza maliro anga yekha, akuba mchere kuti andidzutse, iwo ali pompo ndi korona wawo m'manja. Anati, “Ndinali ndi mantha, pakamwa panathamanga. Ndimayesa waiwala.” Waiwala! Mwana amene amakumbukira diresi limene ndinavala pa ubatizo wa msuweni wake chaka chatha.

Enfermeira Otília anabwera kudzaletsa phokoso. Ataona marimita anatsegula pakamwa kuti ayambe nyimbo yake ija, koma Odete anamukokera pambali n'kumufotokozera m'Chinyungwe. Anatseka pakamwa. Anandiyeza: 170/108. Anati, “Vizita yatha,” kutatsala theka la ola.

Ine ndimati mwana wandida. Lachiwiri ndinabweza marimita ili theka, Lachitatu yodzaza. Iye ankaitsegula kunyumba, kuona kuti amake sanamalize, m'mawa mwake n'kuwonjezera. Dzulo, itabwerera yopanda kanthu chifukwa cha Odete, akuti anasamba yekha n'kukakhala pachipata mpaka dzuwa kulowa, kudikira kuti nditulukira.

Loweruka, 11 Novembro

150/96 m'mawa, 146/94 madzulo.

Ndinapita kwa mlonda wa pakhomo, Nilton ali m'manja, kukapempha kuti mawa alole mwana mmodzi, mphindi zisanu zokha. Anandilozera pepala la pakhoma ndi ndodo yake: ana osakwana zaka khumi ndi ziwiri ayi. Ndinamuuza kuti kuwerenga ndimatha. Anati ndiye tikuvutiranji. Odete akuti munthu yemweyu amalowetsa alaliki atatu ndi chimkuzamawu chawo Lamulungu lililonse, koma kamwana kamodzi ndiye kagwetsa chipatala.

Basílio wabwera akuyenda monyada, akuti nkhani waithetsa. Waithetsa bwanji? Wabisa mchere pamwamba pa kabati, n'kuuza mwana kuti akadzakhudzanso marimita alawa lamba. Yolanda analira mpaka kusanza. Kenako anasowa, n'kukamupeza kwa Dona Cátia, oyandikana nafe nyumba, ali ndi kachikho, akupempha mchere. Ndinamufunsa mwamunayu ngati anakhala naye pansi kumuuza kuti si iye wandidwalitsa. Anati, “Ndi mwana, mayi a Yolanda, aiwala.” Mawu a amake enieni, ngati anawatapa m'poto imodzi. Banja lonse likudikira kuti mwana wanga aiwale, kuti iwo asavutike ndi kupepesa. Ndinamuuza kuti lamba ameneyo akamukhudza naye mwana, akamangire mbuzi kwawo ku Domwe, kwa ine asabwerenso.

Chakudya cha lero chinalibe mchere. Ndinadya chonse.

Madzulo ndinaimbanso. Ulendo uno bambo ake anamugwirizira foni pakhutu. Ndinati, “Yolanda, ndine amama. Sunalakwe, wamva? Si iwe.” Ndinkangomva kupuma. Kenako kamawu: “Mwadya?” Ndinati ndadya. “Munalibe mchere.” Ndisanayankhe anali atathawa. Za pafoni sizikumufika mwanayu. Mawu aja anamuuza akumuyang'ana m'maso, ndipo kuwachotsa kwake n'komweko.

Lamulungu, 12 Novembro

138/88 m'mawa, 136/88 madzulo. Tsiku loyamba. Ndauza mtima wanga kuti ukhale pansi, kukwiya tikakwiyira kunyumba.

Alaliki abweradi, atatu, ndi chimkuzamawu. Makanda onse anadzuka.

Nilton wayamba kutsata nkhope yanga ndi maso. Mlongo wake sanamugwirepo chibadwire, ngakhale chala. Lero ndakumbuka kuti inenso ndinali wothira mchere, titangobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, amayi atabereka mlongo wanga Amílcar. Ndinkaona ngati nyumba yonse yaima pa dzanja langa. Wina akanandiuza kuti amayi afa chifukwa cha ine, ndikanakhulupirira osafunsa kawiri. Ndakwiyira apongozi, ndakwiyira Basílio, mlonda, namwino, koma chigongono chija chinali changa. Akanapanda kukankhidwa, sakanapita kuseri kwa mgolo.

Enfermeira Otília pondipatsa mapiritsi anayankhula maso ali papepala. “Kuseri kuno kuli khonde loyanikapo nsalu. Mlonda safikako. Mawa 15 oras ine ndidzakhala ndikupinda nsalu za pabedi, sindidzaona kanthu.” Atayenda pang'ono anabwerera. “Agogo akewo abwerenso. Mwana sangakhulupirire ine, sangakhulupirire inu. Anamuuza ndi iwo, abweze okha mawu awo.” Za Lachitatu sanapepese, koma ndalandira.

Lolemba, 13 Novembro

134/86 m'mawa. Dotora akuti ikakhala choncho mpaka madzulo, mawa ndikutuluka. Nifedipina ndikapitiriza kunyumba, kudzayezetsa Lachisanu.

Apongozi ndi mwana anafika 15 oras itapitirira pang'ono, kudzera njira ya kochapira. Yolanda anavala diresi lachikasu, tsitsi lomangidwa mbali imodzi yokha. Waonda, makutu achita kuonekera. Atandiona anaima patali, pakati pa nsalu zoyanika, akuyang'ana mapazi anga osati nkhope. Ankafuna aone ngati akadali otupa. Dzanja lamanja analifumbata n'kulibisa kumbuyo.

Ndinapatsa Odete khanda, ndinakhala pansi pasimenti yotentha n'kutambasula miyendo, yopanda munthu. “Bwera.” Sanasunthe. Ndinamuuza kuti ndinalakwa kumukankha, kuti sanakule n'komwe, miyendo iyi ndi yakenso. Ndinamuuza zimene Dotora ananena, osasiyako liwu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenuka kuyang'ana agogo ake.

Ndinali wokonzeka kuwakakamiza, ngakhale chipatala chonse chimve. Sizinafunike. Mayi aja, ndi mawondo awo ovuta aja, anagwada pasimenti mpaka maso awo kulingana ndi a mwana. “Yolanda, mdzukulu wanga, agogo ananama. Amako sanadwale chifukwa cha iwe. Ndinaopa, ndiye mantha anga ndinakusenzetsa iwe. Ndalakwa ine.” Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pabanja ili, mawu akuti ndalakwa ndinali ndisanawamvepo pakamwa pamenepo.

“Ndiye safa?” anafunsa Yolanda.

“Safa. Mawa akubwera kunyumba.”

Anayandikira pang'onopang'ono, anakhala pamiyendo panga cham'mbali ngati mlendo. Kenako thupi lonse linagwera pa ine, n'kulira kulira kumene anasunga masiku asanu ndi anayi. Dzanja lija anali asanalitsegulebe. Ndinalitenga n'kutambasula tizala kamodzikamodzi. Unali mchere wa kwa Dona Cátia. Anaufumbata kuchokera kunyumba ku Samora Machel, m'chapa monse, minibasi ija, padzuwa la Novembro ili. Unali utasungunuka ndi thukuta, kutsala timiyala titatu ndi kachikhato kofiira.

“Unali wanu,” anatero.

Ndinayang'ana kukhomo. Enfermeira Otília anali atatifulatira, akupinda nsalu imodzi yomweyo kachitatu. Ndinanyambita kachikhatoko konse.

“Andichiritsa ndi mankhwala a Dotora,” ndinamuuza. “Uwu ndadya chifukwa dzanja ndi lako.”

Madzulo 136/86. Apongozi sindinathane nawo, ndi mwana wawo yemwe. Tikakambirana kunyumba tensau itakhazikika, kuti ndikathe kukweza mawu bwinobwino.

Kope ndilekera pano. Mwini wake analiona m'thumba la matewera ponyamuka, anaonetsetsa kuti mbuzi zake zonse zilipo, n'kundilamula kuti mawa ndimubwezere. Akuti tsamba lomaliza ndisalembepo, akufuna kujambulapo Nilton. Miyendo amupatsa ingati, tikaona kunyumba.